Kuthamanga sikufika: kodi kukakamiza kompyuta ya masewera n'kwaphindu?

LICHINGA. Munthu woyenda madzulo m'tinjira ta bairo la Lulimile, kuno ku Lichinga, sachedwa kumva anyamata akukuwa m'kanyumba kena kapena pakhonde la baraka. Akasuzumira apeza kuti mpira umene ukuwakuwitsawo uli pagalasi la kanema, ndipo osewera ake ndi anyamata awiri okhala pabenchi, aliyense atagwira kachipangizo kake m'manja. Mwini makinawo amalandira timetikali pa masewera alionse. Pakutha pa tsiku ndalama imeneyo ndiyo imagula ndiwo, makope a ana a sukulu ndi magetsi a Credelec.

Kulikonse kumene magetsi afika, kaya ku Mandimba, ku Metangula kapena ku Mecanhelas, achinyamata amaiganizira ntchito yotereyi. Ambiri a iwo alibe ndalama yoyambira, choncho amapita kwa makolo. Ndalama yogulira kompyuta imachokera ku fodya, ku nyemba, ku mbatatesi kapena ku usipa, ndiye kuti ndi thukuta la banja lonse la chaka chathunthu. N'chifukwa chake nkhani ya lero ikukhudza makolo ndi ana omwe, ngakhale makolo ambiri sadagwireko kompyuta chibadwire.

Kompyuta ikagulidwa, sipatenga nthawi kuti mnzake wina amuuze mwini wakeyo kuti makinawo angathe kuthamanga kuposa apa, bola munthu wodziwa awatsegule liwiro. Ena amapempha ndalama kuti agwire ntchitoyo. Mchitidwe umenewu dzina lake ndi overclocking, ndipo a m'masitolo olankhula Chipwitikizi amautchulanso chimodzimodzi. Funso n'lakuti, kwa munthu wa kuno ku Niassa amene kompyuta yake ndiyo munda wake, kodi kuikakamiza liwiro kumapindulitsa?

Overclocking n'chiyani

M'kati mwa kompyuta muli kachitsulo kakang'ono, kosaposa kabokosi ka machesi, kotchedwa purosesa. Ndiko kamawerengera zonse zimene makinawo akuchita. Kamagwira ntchito motsata kugunda, monga momwe osinja awiri pamtondo umodzi amatsatira kugunda kwa minsi yawo. Kugunda kumeneku kumawerengedwa ndi muyeso wotchedwa hertz. Purosesa ya 3 GHz imagunda maulendo mabiliyoni 3 pa sekondi imodzi. Palinso chipangizo china chojambula zithunzi za masewera, chimene m'masitolo amachitchula placa gráfica, ndipo nachonso chili ndi kugunda kwake.

Kampani yopanga purosesa imaiyesa ndi kuika malire a liwiro limene ingagwirire ntchito zaka zambiri osalakwitsa. Overclocking ndi kusuntha malirewo, kuti purosesa yolembedwa 3.5 GHz iziyenda pa 4 GHz kapena kupitirira. Kuti ipirire liwiro latsopanolo, kawirikawiri pamafunika kuonjezeranso mavoti, ndiko kuti mphamvu yokankhira magetsi m'kachitsuloko.

Amene adakhalapo pachigayo akudziwa kale nkhaniyi. Mwini chigayo akaona mzere wa amayi watalika, amayesedwa kukweza moto wa injini kapena kusintha pule kuti nyundo zizizungulira msanga. Ufa umatulukadi msanga. Koma dizilo amapita wambiri, malamba amaduka, maberingi amatentha, ndipo tsiku limene chigayo chaima amayi onse amanyamula matumba awo kupita kwa mnzake wa kutsidya.

Kale zinkapindulitsadi

Amene amatamanda overclocking sakunama konse, chifukwa idalipo nthawi imene inkabweza ndalama. M'chaka cha 1998 kampani ya Intel idatulutsa purosesa yotsika mtengo yotchedwa Celeron 300A, yoyenda pa 300 MHz. Anthu adapeza kuti pongosintha nambala imodzi, kuichotsa pa 66 kuiika pa 100, purosesayo inkayenda pa 450 MHz, n'kufanana mphamvu ndi Pentium II 450 imene mtengo wake udali wokwera kangapo. Uku kudali kuonjezera theka lathunthu la liwiro popanda kulipira kanthu.

M'chaka cha 2000 anthu ankatenga pensulo wamba n'kulemba timizere pamwamba pa mapurosesa a kampani ya AMD otchedwa Athlon ndi Duron. Makala a pensulo amadutsitsa magetsi, choncho timizereto tinkalumikiza malo amene kampani idadula, ndipo liwiro linkatseguka. M'chaka cha 2011 kudabwera Intel Core i5-2500K ya 3.3 GHz, imene anthu ambiri ankaiyendetsa pa 4.5 GHz ndi fani yabwino chabe, ndipo inkakhala zaka.

Zimenezi zinkatheka chifukwa masiku amenewo makampani ankasiya mpata waukulu pakati pa liwiro lolembedwa pabokosi ndi mphamvu yeniyeni ya kachitsuloko. Wochita overclocking ankangotola zimene kampani idasiya, monga wokunkha m'munda mwa mwini wokolola mothamanga.

Lero opanga adayamba kukolola okha

Mpata uja udatha. Kuyambira 2008 Intel idaika m'mapurosesa ake njira yotchedwa Turbo Boost, ndipo AMD ili ndi yake yotchedwa Precision Boost. Purosesa ya lero imadziyeza yokha kutentha ndi magetsi nthawi zonse. Ikaona kuti yazizira imadzikweza liwiro, ikatentha imadzibweza. Mwachitsanzo, Core i9-14900K imene idatuluka mu 2023 imafika yokha pa 6 GHz, ndipo potero imatha kudya mawati 253. Ma placa gráfica a masiku ano nawonso amachita chimodzimodzi. Ntchito imene kale inkafuna katswiri, lero makinawo amaigwira okha akangoyatsidwa.

Chotsalira munthu wokakamiza ndi chochepa. Pa placa gráfica ya masiku ano, phindu kawirikawiri silipitirira magawo 10 pa 100 alionse, ndipo nthawi zambiri limachepera apo. Kuti timvetse, masewera amayezedwa ndi chiwerengero cha zithunzi zimene zikuoneka pa sekondi. Masewera oyenda pa zithunzi 40 akakwera ndi magawo 10 pa 100 amafika pa 44, ndipo kasitomala wokhala pabenchi sangaone kusiyana. Masewera amene akukakamira pa zithunzi 20 adzafika pa 22, adzakakamirabe. Komanso makanema ambiri a m'nyumba zathu amaonetsa zithunzi 60 zokha pa sekondi, kotero kuti kompyuta imene ikufika kale pa 60 ikakakamizidwa, zoonjezerazo sizifika n'komwe m'maso mwa wosewera.

Achinyamata amaona pa mafoni awo akatswiri akunja akuswa mbiri ya liwiro. N'zoona kuti mu December 2022 gulu la akatswiri ogwirizana ndi kampani ya ASUS lidayendetsa Core i9-13900K kupitirira 9 GHz, koyamba m'mbiri. Koma adachita zimenezi poithira helium wamadzi, amene amazizira mpaka madigiri 269 pansi pa ziro, ndipo liwirolo lidangokhala kanthawi kokwanira kulemba nambalayo. Umenewo ndi mpikisano, monga wa magalimoto a liwiro. Palibe amene amatengera galimoto yotero matumba a chimanga kuchokera ku Ngauma.

Mtengo wake umabwera ngati kutentha

Pali lamulo limodzi la magetsi limene mwini kompyuta aliyense ayenera kulidziwa. Liwiro likakwera ndi magawo 10 pa 100, magetsi odyedwa amakweranso ndi magawo 10. Koma mavoti akakwera ndi magawo 10, magetsi odyedwa amakwera ndi magawo 21, chifukwa mavoti amadzichulukitsa okha. Zonse ziwiri zikakwera pamodzi, purosesa imadya magetsi oonjezera pafupifupi magawo 33 pa 100. Ndiye kuti mwalipira magawo 33 kuti mulandire magawo 10, mwinanso osakwana.

Magetsi onse amene purosesa yadya amasanduka kutentha. Mapurosesa ambiri a Intel akafika pa madigiri 100, kutentha kowiritsa madzi, amadzibweza liwiro kuti asapse. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Poyesa kwa mphindi zisanu m'mawa, makina okakamizidwa amaoneka othamanga. Pofika masana, anyamata atasewera maola anayi osapuma, purosesa yatentha ndipo yayamba kudzibweza, masewera akudukaduka kuposa kale.

Mavoti ochuluka amadyanso timisewu tating'onoting'ono ta m'kati mwa purosesa pang'onopang'ono, ndipo zodyekazo sizibwerera. Umboni wake udaoneka mu 2024. Eni mapurosesa ena amphamvu a Intel, a m'badwo wa 13 ndi wa 14, adadandaula kuti masewera akungodzitsekera okha. Mu July chaka chimenecho Intel idavomera kuti vuto lidali mavoti okwera kuposa muyeso, ndipo pambuyo pake idatulutsa mapulogalamu okonzera, n'kuonjezera zaka ziwiri pa garantiya ya mapurosesawo. Amene adali ataonongeka kale sadachire ndi pulogalamuyo, adafunika kusinthidwa. Ngati akatswiri amene adapanga kachitsuloko adapyola muyeso osadziwa, nanga munthu amene waphunzira ntchitoyi pa kanema wa mphindi khumi?

Za garantiya nazonso n'zofunika kuzidziwa. Intel ndi AMD onse amachenjeza kuti kuyendetsa purosesa kunja kwa malire ake kungathetse garantiya. Intel idali ndi inshuwalansi yapadera ya anthu ochita overclocking, koma idasiya kuigulitsa mu March 2021. Kwa ife kuno, makompyuta ambiri timagula akale, opanda pepala lililonse, choncho chikapsa chapsa.

Tsono tiwerengere za Credelec. Tiyerekeze kuti kukakamiza purosesa ndi placa gráfica kwaonjezera mawati 100, ndipo kanyumba ka masewera kamatsegula maola 10 pa tsiku. Imeneyo ndi 1 kWh yoonjezera tsiku lililonse, 30 kWh pa mwezi, pa kompyuta imodzi. Aliyense ayang'ane pa lisiti lake la magetsi aone kuti 30 kWh ndi metikali zingati, kenaka adzifunse ngati makasitomala alipira zambiri chifukwa cha zithunzi zinayi zoonjezera. Kwa a kumidzi amene amadalira sola ndi batire nkhaniyi ndi yolemera koposa, chifukwa mawati amenewo ndi omwe akadayatsa nyali ndi kutchaja mafoni usiku.

Fumbi, dzuwa ndi mphezi za kwathu

Wina anganene kuti Lichinga ndi wozizira. N'zoona, mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,300, ndipo mu June ndi July anthu amaothera moto. Koma kompyuta imagwira ntchito chaka chonse. Mu October ndi November, kanyumba ka malata kodzaza anyamata khumi, zenera lili lotseka kuti kuwala kusasokoneze kanema, kamatentha ngati uvuni wa buledi. Kwa abale a ku Metangula m'mphepete mwa nyanja, a ku Cuamba ndi a ku Mecanhelas, kumene ndi kotsika, kutenthako n'koposa.

Mdani wachiwiri ndi fumbi. M'chilimwe njinga yamoto iliyonse yodutsa pamsewu wadothi imautsa fumbi lofiira, ndipo mafani a kompyuta amalikoka n'kuliunjika pa tizitsulo toziziritsira purosesa. Pakapita miyezi limagwirana ngati bulangete. Makina otere amakhala akudzibweza kale liwiro chifukwa chobanika, ndipo kuwaonjezera mavoti kuli ngati kusenzetsa thumba lachiwiri munthu wodwala chifuwa.

Mdani wachitatu ndi magetsi osakhazikika. Magetsi a Cahora Bassa, ochokera ku Tete, amayenda mtunda wautali kudzera ku Gurúè ndi ku Cuamba asanafike kuno. Akuluakulu akukumbukira nthawi imene mzindawu unkadalira majenereta a dizilo, nthambo imeneyi isanafike m'zaka za m'ma 2000. Lero zinthu zidasintha kwambiri, komabe nthambo yaitali chotero imakumana ndi mphepo ndi mphezi, makamaka m'nyengo ya mvula kuyambira November mpaka April. M'mabairo mmene nyumba zambiri zimakoka pa nthambo imodzi, madzulo mphamvu imatha kutsika pansi pa mavoti 220 amene timayembekezera. Chipangizo cholandira magetsi m'kompyuta, chimene amisiri amachitchula fonte, ndicho chimalimbana ndi zonsezi. Ma fonte otsika mtengo amene amabwera ndi makina akale amakhala akugwira kale ntchito pafupi ndi malire ake. Fonte yotero ikafa, nthawi zina imatenga placa-mãe, thabwa lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, ndi placa gráfica yomwe.

Chikapsa, chinzake chili kuti? Zipangizo zazikulu za makompyuta a masewera sizipezeka wamba m'misika yathu. Nthawi zambiri munthu amaitanitsa ku Nampula, mtunda wa makilomita oposa 600, kapena ku Maputo, kapena kuoloka pa Mandimba ndi Chiponde kukafuna ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mnyamata wa ku Ulaya akaotcha placa gráfica, ina imamupeza pakhomo pasanathe masiku awiri. Wa ku Lulimile amatseka chitseko milungu ingapo, makasitomala n'kuzolowera kwina, ngongole ya kwa malume ili chikhalire.

Makina ambiri ndi okhoma kale

Pali chinthu china chimene chingapulumutse ndalama za anthu ambiri. Makompyuta ochuluka amene amafika kuno ndi amene adagwirapo ntchito m'maofesi, monga a Dell ndi a HP. Makina amenewa ndi olimba, koma opanga ake sadaikemo malo osinthira liwiro la purosesa. Pa mapurosesa a Intel a makompyuta a patebulo, amene amaloledwa kusinthidwa liwiro ndi okhala ndi chilembo cha K kapena X m'dzina lawo, monga i5-2500K ija, ndipo amafunanso placa-mãe yapadera, kawirikawiri ya mtundu woyamba ndi chilembo cha Z. Mapurosesa ambiri a AMD Ryzen, amene adayamba kutuluka mu 2017, ndi otsegula, komabe si placa-mãe iliyonse imalola. Malaputopu ambiri ndi okhoma, ndipo ngakhale akadakhala otsegula, alibe malo otulutsira kutentha koonjezera. PlayStation nayonso ilibe poti mwini wake asinthire liwiro.

Choncho munthu akabwera n'kunena kuti atsegula liwiro la purosesa ya kompyuta ya muofesi, mufunseni akuonetseni nambala ya liwiro asanayambe ndi atamaliza. Pulogalamu yaulere yotchedwa CPU-Z imaonetsa dzina la purosesa ndi liwiro lake. Ngati nambalayo sidasinthe, mwalipira mphepo. Nthawi zina makina amaoneka opepuka chifukwa mmisiriyo wangotseka mapulogalamu osafunika, ntchito imene mwini wake akadaigwira yekha. Safunsa adadya phula.

Nanga mafoni?

Kumidzi yambiri ya m'malire masewera ali pafoni, ndipo Free Fire ndi eFootball ndi maina amene ana amawadziwa bwino. Pali mapulogalamu ambirimbiri olonjeza kuthamangitsa foni pa masewera. Pulogalamu wamba ilibe chilolezo chosintha liwiro la purosesa ya foni. Chimene imachita ndi kutseka mapulogalamu ena, ndipo ambiri a iwo amabwera ndi zotsatsa malonda zimene zimadya mamega a Movitel, Vodacom kapena Tmcel amene mwagula. Kuti foni ikakamizidwe zenizeni pamafunika kuthyola chitetezo chake, ndipo zimenezi zingachititse kuti mapulogalamu ena a ndalama akane kutseguka, kapena foniyo ikane kuyaka.

Foni ilibe fani, ndipo batire lake limadana ndi kutentha. Kusewera foni ili pa tchaja, padzuwa kapena pansi pa bulangete kumafupikitsa moyo wa batire. Batire likayamba kutupa mpaka kukankha chivundikiro, lekani kuligwiritsa ntchito, chifukwa lingathe kuyaka moto. Dziwaninso kuti masewera a pa intaneti akamachedwa kuyankha, kawirikawiri vuto ndi netiweki. Chimodzimodzinso pa kompyuta. Palibe liwiro la purosesa limene lingafupikitse mtunda wochokera ku Cóbuè kukafika ku makina a masewerawo kunja kwa dziko.

Kumene ndalama ingagwire ntchito

Amene akufuna kuti masewera aziyenda bwino ayambe ndi zosalira ndalama. Zimitsani kompyuta, zulani nthambo kukhoma, tsegulani chivundikiro, chotsani fumbi ndi bulashi yofewa youma ndi kupemerera mphepo. Gwirani fani ndi chala kuti isazungulire pamene mukupemerera. Fonte yokha musaitsegule, chifukwa imasunga magetsi oopsa ngakhale itazulidwa. M'chilimwe chitani zimenezi kawirikawiri. Ikani kompyuta patebulo, isakhale pansi pamene fumbi limayenda, ndipo kumbuyo kwake kukhale mpata.

Pakati pa purosesa ndi chitsulo choiziziritsa pamapakidwa phala lotchedwa pasta térmica. Pa makina akale phala limeneli limauma. Kachubu kake n'kotsika mtengo, ndipo mmisiri akalisintha, makina amene ankadzibweza chifukwa cha kutentha amabwerera pa liwiro lawo lonse. Pulogalamu yaulere yotchedwa HWMonitor imaonetsa kutentha. Mukaona purosesa ikukhala pamwamba pa madigiri 90 pa nthawi ya masewera, mankhwala ake ndi kuiziziritsa.

Chachiwiri ndi kuchepetsa katundu m'masewera momwemo. Chithunzi cha 1080p chili ndi timadontho 2,073,600, pamene cha 720p chili ndi 921,600, osakwana theka. Kutsitsa chithunzi kufika pa 720p ndi kuchepetsa mithunzi kumapeputsa placa gráfica kuposa overclocking iliyonse, ndipo makina amazizira. Pa kanema wamng'ono, anyamata amene maso awo ali pa mpira sadandaula.

Ngati ndalama ilipo yogulira kanthu, yoyamba ipite ku chitetezo cha magetsi: estabilizador, kapena UPS imene imasunga makina ali oyaka kwa mphindi zingapo magetsi akathima, kuti muwazimitse bwino. Mphezi zikayamba, zulani nthambo zonse, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma. Yachiwiri ipite ku fonte yabwino. Yachitatu ku RAM: timatabwa tiwiri tofanana, monga tiwiri ta 4 GB kapena tiwiri ta 8 GB, timathandiza kwambiri kuposa kamodzi, makamaka pa makompyuta opanda placa gráfica yapadera. Yachinayi ku SSD m'malo mwa disiki yakale yozungulira. SSD sionjezera zithunzi pa sekondi, koma masewera amatseguka msanga, ndipo pa ntchito yolipiritsa nthawi mphindi zodikira ndi ndalama.

Akatswiri ambiri masiku ano amachita zosiyana ndi zakale. Amatsitsa pang'ono mavoti a purosesa kapena a placa gráfica, kapena kuika malire a mawati, kuti makina azizire ndi kudya magetsi ochepa, liwiro litatsika pang'ono chabe kapena osatsika n'komwe. Kwa ife a Credelec ndi a sola, ngati pali kusintha koyenera kukuphunzira, n'kumeneku.

Amene angayese ndani?

Sitikunena kuti overclocking ndi yoipa pa yokha. Mwana wa sukulu amene akufuna kuphunzira za makompyuta, ali ndi makina akale otsegula amene banja silidalira, angaphunzire zambiri poyesa, ndipo amisiri abwino ambiri adayamba choncho. Akweze pang'onopang'ono, ayese maola angapo pa sitepe iliyonse, aziyang'ana kutentha, ndipo mavoti awasiye pamene kampani idawaika. Pa placa gráfica, pulogalamu monga MSI Afterburner imalola kukweza pang'ono ndi kubwezera msanga zinthu zikavuta. Palinso XMP, njira yoyendetsera RAM pa liwiro limene lalembedwa pabokosi lake. Imeneyi anthu ambiri amaigwiritsa ntchito popanda vuto pamene placa-mãe ikulola, ngakhale makampani amaiwerengerabe m'gulu la overclocking.

Koma kompyuta imene idagulidwa ndi ndalama ya fodya wa bambo kapena nyemba za mayi, imene ikuyembekezeka kubweza ngongole ndi kulipira sukulu, ntchito yake ndi kuyaka m'mawa uliwonse. Makasitomala amabwerera kumene masewera saduka pakati, kumene tizipangizo togwira m'manja tili bwino ndipo benchi ili pamthunzi. Kholo limene mwana walipempha ndalama ya overclocking limufunse mafunso atatu: tipindula zithunzi zingati, magetsi akwera bwanji pa mwezi, ndipo chikapsa tikagula kuti ndi ndalama ya yani? Mwanayo akalephera kuyankha, ndalamayo ikagule estabilizador ndi kachubu ka pasta térmica, yotsalayo isungidwe kudikira tsiku limene fani idzaleke kuzungulira.